Dzanja la Ozell ndi Mano a Bwana Crumpacker

Achimwene anga a Ozell Tarpley anali ndi dzanja lodziwika m'tauni yonse ya Coquina Point. Ndikati tauni yonse ndikunena ya kuseri kwa njanji, kumene tinkakhala ife akuda. Azungu a kutsidya ankangowadziwa kuti "mnyamata uja wodula nsomba kwa Crumpacker," ngakhale kuti chaka chimenecho cha 1956 anali atakwanitsa zaka makumi awiri ndi zisanu ndi zinayi.

Lamlungu tikaweruka ku tchalitchi, achimwene ankaponyera timu yathu ya besibolo pabwalo lamchenga kuseri kwa fakitale ya ayezi. Mpira wawo unkabwera ngati ukulunjika pamphuno pa womenya, kenako n'kukhota mwadzidzidzi, munthu n'kumenya mphepo ndi chibonga. Akaphonya kachitatu n'kutuluka, ife akazi tinkakuwa mpaka zipewa za ku tchalitchi kugwa.

Masiku enawa tonse awiri tinkagwira ntchito kwa a Harlan Crumpacker, amene anali ndi malo oonetsera zinyama za m'nyanja m'mbali mwa msewu wa ku Tampa. Ine Verlene ndinkakazinga nsomba ndi timikate ta chimanga kukhitchini, achimwene ankadula nsomba zodyetsa zinyamazo ndi kukwecha maiwe. A Crumpacker anali aafupi, amimba, okonda kusekerera alendo kuti aone mano awo oikirira, oyera mbee. Analinso eni ake a timu ya azungu, a Pelicans, imene inkaluza ngati yalodzedwa. Ife tinkaloledwa kukaonera kuluzako, koma titaima kuseri kwa chingwe, kumapeto kwa bwalo kopanda denga.

Amene ankakoka anthu kwa a Crumpacker anali Clementine, dolofini wamkazi, nyama ya m'nyanja yooneka ngati chinsomba chachikulu, yemwe asodzi anamukola mu ukonde zaka ziwiri m'mbuyomo. Ankakhala yekha m'dziwe lasimenti lozungulira. Nzeru zake ine zinkandiopsa. Anaphunzira kulira ngati chitseko cha khitchini yanga, kwiii, ndipo ndikatuluka mothamanga poganiza kuti kwabwera kasitomala, ndinkangomupeza atatulutsa mutu pamadzi, kukamwa kuli yasaa, akundiseka.

Lamulo la a Crumpacker linali lakuti Clementine asalawe kanthu mpaka chionetsero cha 3 koloko masana.

"Nyama yokhuta sidumpha," ankatero.

Achimwene ankamuponyera nsomba mobisa bwana akalowa mu ofesi, ndipo atakhuta choncho m'pamene ankayamba masewera awo. Iwo ankaima pakhomo pa khitchini ndi kampira kofiira kamphira, iye n'kutulutsa mutu kumapeto kwa dziwe, atayasama. Mpira ukalunjika ankauwakha n'kuubweza ndi mphuno. Ukapatuka ngakhale pang'ono, sankasuntha. Ankaulola ugwe m'madzi, kenako n'kutulutsa phokoso lamwano pabowo lake lopumira, longa limene ana amakwapulidwira m'kalasi.

"Aphunzitsi anuwa ndi ankhanza," ndinkatero ine.

"Ankhanza koma sanama," achimwene ankayankha.

Tsiku lina mu Juni kunabwera a Bascom Teague, kochi wa a Pelicans, mkulu waimvi wotafuna fodya. Timu yawo inali italuza kasanu ndi kanayi motsatizana, ndipo anabwera kudzadya nsomba kumalo kumene sakanakumana ndi ochemerera. Anakhala pabenchi mbale ili pamwendo. Atakweza foloko, kampira kofiira kanadutsa patsogolo pawo, n'kukhota, n'kukalowa m'kamwa mwa Clementine.

Foloko inaima m'malere.

"Iwe, tabwerezanso."

Achimwene anabwereza kasanu ndi kamodzi. Clementine sanachite phokoso lamwano ngakhale kamodzi.

"Dzina ndani?"

"Ozell Tarpley, bwana."

"Umaponyera kuti?"

"Kuseri kwa ayezi, Lamlungu. Chino n'chaka cha khumi ndi chiwiri."

A Teague anavula kapusi n'kudzimenya nayo pabondo. "Ine kumalemba makalata mpaka ku Ohio kufuna woponya, woponya ali pompano akusewera ndi nsomba!"

Analowa mu ofesi ya a Crumpacker osagogoda. Windo linali lotsegula, ndipo ine ndinapeza chifukwa chokakhuthulira zinyalala pafupi nalo.

"Bascom, wapenga? Tauni ino sinaonepo zimenezo."

"Matimu atatu mu ligi muno ali kale ndi akuda, ndipo ndi omwewo akutikwapula."

"Nanga ameya adzati chiyani?"

"Ameya anasiya kubwera kumpira mu Epulo, Harlan. Dzulo pabwalo panali anthu ochepa kuposa amene amabwera pamaliro a munthu woipa mtima. Umulole uyu aponye, kuseri kwa njanji konse kudzagula matikiti."

Pomaliza bwana anavomera. A Crumpacker sankakonda anthu akuda, koma mabenchi opanda anthu ankadana nawo koposa.

Lachiwiri achimwene anapita kokayesedwa, ine n'kuwaperekeza mpaka pachingwe. Wowakha wa timuyo, Lonnie Grubbs, mnyamata wa khosi ngati la ng'ombe, anataya gulovu pansi.

"Ine sindingawakhire mipira munthu wakuda."

Onse anayang'ana a Teague, a Teague n'kuyang'ana nsapato zawo. Achimwene anangotembenuza mpira m'manja.

"Palibe kanthu, bwana Teague," anatero mofatsa. "Kuntchito kwathu kuli wowakha wina. Alibe ndi manja omwe, koma sanagwetsepo mpira wabwino. Mwina awa akuopa kuyerekezedwa naye."

Wina kumbuyo anaphulika nako kuseka, ena n'kutsatira. Grubbs anafiira mpaka m'makutu. Anatola gulovu lija n'kunjuta. Mpira woyamba unalira phaa! m'gulovumo moti mbalame zinauluka padenga. Grubbs anavula gulovu, kuyang'ana chikhatho chake, kulivalanso.

"Ponyanso," anatero.

Zinagwirizanika kuti achimwene adzaponya Loweruka. Kwathu kunali chisangalalo choti abusa anachilengeza pa mapemphero a Lachitatu, pakati pa odwala ndi za kwaya.

Koma Lachinayi a Crumpacker anabwera ndi nzeru yawo. Anali ataitanitsa lole yokhala ndi thanki yalona. Clementine adzanyamulidwa kupita kubwalo, ndipo ndiye adzaponye mpira woyamba ndi mphuno pamaso pa ameya ndi munthu wa wailesi wochokera ku Tampa.

"Bwana, simungatero," anatero achimwene. "Mnzake uja wamwamuna anafera pa lole yotereyi chaka chatha, popita ku chionetsero. Dzuwa la Juni lino khungu lake lisweka."

"Wayamba liti kundiuza zimene sindingachite?"

"Mukamukweza pa lole, ine sindiponya."

A Crumpacker anaseka, mano onse pamtunda. "Udzaponya. Munthu ngati iwe mwayi wotere subwera kawiri."

Pa chakudya chamadzulo Mayi anaika mbale ya nyemba patebulo mwamphamvu moti msuzi unatayika.

"Ozell, zaka khumi ndi ziwiri ukudikira khomo limeneli. Lero latseguka, iwe ufuna ulitseke chifukwa cha nsomba?"

"Mayi, si nsomba. Amapuma mpweya ngati ife, amayamwitsa."

"Ng'ombenso imayamwitsa, koma sindinakuonepo ukukana nyama. Ine ndasita kale diresi langa lobiriwira."

"Amandidziwa, Mayi. Ndikachedwa amandidikira. Ine ndiime pakati pa bwalo anthu akuomba m'manja, iye akupsa pa lole? Ndipo bamboyo akaona kuti ndivomera chilichonse bola ndilowe, mawa adzapeza lole yokwezapo ine."

Mayi anapukuta msuzi uja. "Mutu wouma ngati bambo ako," anatero pomaliza. "Idya, nyemba zikuzizira."

Loweruka m'mawa lole inafika ndi amuna anayi onyamula ukonde. Clementine anali atamanidwa chakudya kuyambira dzulo lake kuti asavute. Achimwene anakhala pa ndowa yozondotsa pakhomo pa khitchini manja ali pachifuwa, a Teague ali pambali pawo akutafuna fodya ngati akumulanga.

Amuna aja anayesa kwa ola lathunthu. Akakokera ukonde kumanja, Clementine ankadutsa pansi pake. Akaumiza, ankadumpha pamwamba n'kuwathira madzi. Onse ananyoweratu. A Crumpacker anakwera pathabwa lodyetserapo, limene linali pamwamba pa madzi, n'kuyamba kulamula okha.

"Mbuzi inu! Kumanzere! Ndati kumanzere! Kokaniii!"

Pa "kokani" ameneyo mano anatuluka. Ndinawaona ndi maso angawa, akumwamba ndi akunsi omwe, akung'anima padzuwa, kenako chubwi! m'madzi.

Tonse tinaima ngati zithunzi. Clementine anamira. Atavuuka, mano a bwana anali kunsonga kwa kamwa lake, akutisekerera tonse. Anayamba kuzungulira nawo dziwe pang'onopang'ono, ngati mkwatibwi woonetsa mphete.

Woyamba kuseka anali dalaivala wa lole. Ine ndinadzitseka pakamwa ndi epuloni koma sizinathandize. A Teague anatsamwa ndi fodya.

"Mufafeke!" anakuwa a Crumpacker, milomo italowa m'kati. "Ndati mufafeke!"

Mmodzi wa amuna aja anadumphira m'dziwe. Clementine anamudikira mpaka dzanja linatsala pang'ono kufika, kenako n'kusuntha. Kuphwetsa dziwelo kukanatenga tsiku ndi theka. Dokotala wa mano wa ku Tampa ankatenga masabata awiri. Munthu wa wailesi ankafika 1 koloko, ndipo a Crumpacker anali akuloweza kwa masiku angapo mawu okalankhula pa wailesipo.

"Ofell! Muuve andipatfe!"

Achimwene anadzuka mosafulumira. "Bwana, ine sindimuuza. Ndimamupempha. Ndipo wanjala samva pempho."

Anabweretsa ndowa yodzaza. Clementine anakaika mano aja pansi penipeni pa dziwe, anabwera kudzadya mpaka ndowa inatha, kenako anakawatenganso. Sindinganene kuti ankadziwa za wailesi kapena za ameya. Koma ankadziwa kuti chinthucho n'chofunika kwa munthu amene ankamugonetsa ndi njala, ndipo sankafulumira nacho.

"Ndimupempha," anatero achimwene, "koma ndikhale ndi chomuuza. Lole ibwerere yopanda kanthu. Azidya m'mawa uliwonse, kaya adumpha kaya sadumpha. Ndipo geti ilo litsegulidwe."

Analoza geti lachitsulo limene linkalowetsa madzi m'dziwemo kuchokera mu ngalande yopita kunyanja.

"Athawa!" anatero a Crumpacker. Mawu amenewo okha ndi amene anatuluka bwinobwino.

"Mwina. Akafuna kukhala akhala."

"Harlan," anatero a Teague akuyang'ana wotchi, "11 koloko yakwana. Ine ndilibe woponya, iwe ulibe mano. Vomera, ine ndikhale mboni."

A Crumpacker anayang'ana kumwamba, anayang'ana lole, anayang'ana mano awo akudutsanso patsogolo pawo. Anagwedeza mutu kuvomera.

Achimwene anagwada m'mphepete mwa dziwe, dzanja limodzi lili ndi kampira kofiira, linalo litatambasulidwa. Analankhula naye chapansipansi, sindinamve zimene ananena. Clementine anabwera, anawayang'ana ndi diso limodzi, n'kuika manowo pachikhatho chawo bwinobwino ngati akuika dzira. Ndinawatsuka ine ndi sopo wa mbale. Bwana anadandaula kwa sabata yonse kuti khofi akumveka nsomba.

Masana amenewo kuseri kwa chingwe kunalibe poponda. Anthu anachokera m'minda ya malalanje, ena pa malole, ena wapansi. Mayi anaima kutsogolo ndi diresi lawo lobiriwira, ambulera ili m'manja. Kumabenchi a azungu nakonso kunadzaza, ena obwera kudzaona, ena obwera kudzatukwana. Achimwene anavalira yunifolomu m'kanyumba kosungira makina otchetchera udzu, chifukwa m'chipinda cha osewera sanaloledwe.

Atangofika pakati pa bwalo, wina anakuwa kuti, "Bwerera ukadule nsomba!" n'kuponya mutu wa nsomba umene unagwera pafupi ndi mapazi awo. Achimwene anautola, anautembenuza uku ndi uku, n'kuupereka kwa woyimbira.

"Bwana, mumubwezere mwini wake. Mumuuze kuti wadula molakwika, wasiya nyama yambiri."

Woyimbira anayesa kuumitsa nkhope koma zinakanika. A m'mabenchi akutsogolo amene anamva anaseka n'kuuza akumbuyo.

Komabe chiyambi chinali chovuta. Mipira inayi yoyamba yonse inapatuka, womenya wa timu ya alendo n'kupita ulere pamalo oyamba osamenya n'komwe. Wachiwirinso chimodzimodzi. Otukwana aja anapeza mphamvu. Apo Grubbs anadzuka, anavula chotchinga kumaso n'kupita pamene panaima achimwene. Zimene ananena anadzandiuza okha achimwene madzulo.

"Ukuyang'ana kumabenchiko kuli abale ako? Yang'ana gulovu ili. Ukaphonyanso ndichita phokoso lija la nsomba yako, pamaso pa ameya."

Sanaphonyenso kawirikawiri. Omenya atatu otsatira anamenya mphepo n'kukakhala pansi. Pofika gawo lachisanu otukwana anali atachepa, chifukwa n'kovuta kutukwana munthu amene akukupatsa chipambano choyamba m'masabata atatu. A Pelicans anawina 3 kwa 1. Mayi anathyola ambulera pomenyetsa pansi, ndipo anakana kuti anali iwo.

Chingwe sichinachoke tsiku limenelo. Chinachoka chaka chotsatira, abusa athu ndi a Teague atapita kukhonsolo katatu. Kumalo odyera kumene timu inakakondwerera achimwene sanalowe. Koma cha m'ma 6 koloko, ndikutseka khitchini, ndinamva kugogoda. Anali Grubbs, dzanja litatupa ngati buledi.

"Akuti kuno kuli ayezi," anatero akuyang'ana pansi.

Ndinamupatsa ndowa ya ayezi wosungira nsomba. Anakhala pabenchi dzanja lili m'ndowa, achimwene chigongono chili m'ndowa ina, n'kumakangana za womenya wina wamanzere mpaka ndinachita kuwathamangitsa.

Lolemba a Crumpacker anayesa kuiwala za geti. A Teague anawakumbutsa kuti nkhani ya mano sinafike kwa atolankhani, koma ikhoza kufika. Geti linatsegulidwa.

Clementine sanatuluke. Ankafika pagetipo, kusuzumira mu ngalande, n'kubwerera. Anatero masiku awiri, bwana akuyenda modzitukumula n'kumati, "Mwaona? Amandikonda." Lachitatu m'mamawa madolofini ena anadutsa kumapeto kwa ngalande akuimba mluzu. Iye anayankha, anazungulira dziwe kamodzi, n'kutuluka ngati muvi. Achimwene anali ndi mpeni wa nsomba m'manja. Anauika pansi n'kuyenda m'mbali mwa ngalande mpaka pamene inathera, ndipo atabwerako sindinawafunse kanthu.

Lachisanu 3 koloko, ndikukazinga, chitseko chinalira kwiii. Ndinatuluka n'kupeza palibe munthu. Clementine anali m'dziwe, kukamwa kuli yasaa.

Chilimwe chonsecho ankabwera akafuna, kawiri kapena katatu pa sabata. Ankadumpha akafuna, akapanda kufuna ankangodya n'kumapita. Chodabwitsa n'chakuti anthu anachuluka kuposa kale, chifukwa palibe ankadziwa ngati abwere, ndipo akaonekera mu ngalande ana ankakuwa ngati kwabwera sitima. A Crumpacker anauza nyuzipepala kuti nzeru yotsegula geti inali yawo.

Achimwene anaponyera a Pelicans zaka ziwiri, mpaka phewa linakana. M'matauni ena ankagona kwa abusa a tchalitchi cha akuda pamene anzawo ali kuhotela, ndipo ankati iwo ndi amene ankadya bwino kuposa timu yonse.

Clementine anasiya kubwera mu Okutobala chaka choyambacho. Tinadikira sabata, mwezi, kenako tinasiya kuyang'ana ku ngalande. Chakumapeto kwa chaka msodzi wina, a Purvis Gaither, anabwera kudzatula nsomba n'kupeza achimwene akumwa khofi kukhitchini kwanga.

"Ozell, mkazi wako uja ndamuona kuseri kwa chilumba. Ndamuzindikira ndi chipsera chija cha pachipsepse. Ali m'gulu la asanu ndi awiri, amatsata boti langa kuba nsomba mu ukonde. Mbava yeniyeni."

Achimwene anaika kapu pansi. "Wanenepa?"

"Kwambiri. Ndi nsomba zangatu zimenezo."

"Basi," anatero achimwene. Anandikankhira kapu kuti ndiwawonjezere khofi, n'kuuza a Gaither kuti akhale pansi nawonso amwe.